Kasitomala Wochokera pa Chitsime

Ndinachoka kwathu kukafuna mkulu wanga Ndaziona. Zaka zimene ndinayenda sindikuzidziwa, chifukwa kumene ndinkayendako dzuwa silinkayenda lokha. Linkadikira kuti munthu atsegule golosale, ndiye n'kukwera. Akatseka, linkafiira. Usiku kunalibe: unkagona kunja kukali kofiira, kuphethira kamodzi, basi kwacha.

Golosale yathu inali ya matebulo ochepa, kauntala, ndi bedi kuseri kwake. Katundu sitinkapikula kutauni ngati anthu ena. Kumapeto kwa mudzi kunali Dzenje, ndipo m'Dzenjemo munali zipinda pansi pa zipinda zinzake, zodzaza zilombo ndi zinthu zimene eni ake anaziiwala kalekale. M'mawa achemwali ankatsikiramo ndi chikwanje ndi chikwama chawo chachikopa. Masana ankayala zimene apeza pa matebulo, anthu n'kumalowa. Ine ntchito yanga inali kusesa ndi kuonerera, ndipo malonda ankandiphunzitsa mondikalipira ngati ndawadyera ndiwo.

M'Dzenje simunkafa munthu. Zilombo zikakugonjetsa, Dzenje linkakulavulira pakhomo pake, zonse zimene unatola zitatsala m'kati, iwe n'kubwerera kumudzi ndi manyazi okha. Achemwali linawalavula kambirimbiri. Ankafika akuseka, zovala zili zong'ambikang'ambika, n'kunena kuti lero landidya, mawa ndikalidya ndine. Ndiye tsiku lina sanabwere.

Pakhomo pa Dzenje pankakhala nkhalamba ina imene moyo wake wonse inkanena zinthu ziwiri zokha. Ukaipatsa moni inkati, “Usapitirire pamene mphamvu zako zathera, mwana iwe.” Ukailankhulanso inkanena chachiwiricho, chimene tonse tinkachimva osachimvetsera. Tsiku limenelo ndinamvetsera.

“Dzenje ndi limodzi, koma makomo ake ndi ambiri. Likalavulira munthu kutali ndi bedi lake, munthuyo amadziiwala, n'kuima pamene wagwera.”

“Agogo, ndiye achemwali agwera kuti?”

“Usapitirire pamene mphamvu zako zathera, mwana iwe.”

Ndinatola chikwanje chobuntha chimene chinatsala kuseri kwa chitseko ndi chikwama chakale cha nsalu, n'kuuyamba ulendo.

Mudzi woyamba unali wa dothi lofiira. Ndinapeza golosale yopanda mwini, chitseko n'kunditsegukira ngati chinkandidziwa. Midzi yonse imene ndinafikamo inali chomwecho: golosale yopanda mwini, chitsime pakati, Dzenje kumapeto, ndi chipika chopingasa pa msewu wotulukira. Chipikacho ngakhale mbuzi yotsimphina ikanachidumpha, koma mwendo wanga unkakana kukwera. Chinkachoka chokha tsiku limene wagonjetsa chilombo chachikulu cha pansi pa mudziwo.

Achemwali ndinawaona ndisanatule n'komwe katundu. Anali pa chitsime, chingwe chili m'manja, atamanga mpango wobiriwira. Ndinathamanga mpaka kugwa.

“Achemwali! Achemwali, ndine!”

Ananditembenukira ndi nkhope yawo yomwe ija, mpata wa m'mano womwe uja, n'kunena modekha kuti, “Madzi a pano ngozizira, koma chingwe n'chachifupi.”

Ndinawatchula dzina. Ndinatchula dzina la mayi athu, ndi la galu amene tinali naye tili ana. Anandiyang'ana mwaulemu ngati mlendo, n'kubwerezanso za madzi ndi chingwe. Mtima unandipweteka kwambiri, ndipo ndinakhala pa dothi lofiiralo mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Poti panalibe kwina kopita, ndinaphunzira kutsika. Zilombo za zipinda zoyamba zinali zoterera ngati therere, zopanda maso, ndipo ukatema chimodzi chinkagawika n'kukhala ziwiri, chilichonse ndi mkwiyo wake. Njira ya dzulo sunkaipeza lero, zipinda zinkasinthana malo munthu akangotuluka. Bala linkatsekeka ukadya chitumbuwa, ngakhale pakati pa ndewu, choncho ndinazolowera kutafuna kwinaku ndikutema. Koma chimene chinandivutitsa kuposa zilombo chinali chikwama. Chikwama cha kumeneko chili ndi matumba owerengeka ndipo za kulemera sichidziwa. Nthenga imadya thumba limodzi, mwala wa mphero thumba limodzinso. Mafupa ofanana unkatha kuthira mulu wonse m'thumba limodzi, koma fupa ndi nthenga zinkakana kugona pamodzi ngati akazi a mitala. Gawo lalikulu la moyo wanga ndalithera nditagwada pakati pa chipinda, chilombo chikundiyang'ana, ine ndikusankha choti nditaye.

Masana ndinkagulitsa. Kasitomala sankanenerera. Ankanyamula chinthu, n'kubwera nacho pa kauntala, n'kuima phee kudikira kuti utchule mtengo. Unkatchula kamodzi kokha, nkhope yake n'kuyankha. Akakwinya, wakweza, achibweza pa tebulo n'kutuluka. Akaseka mpaka mano a m'mbali kuoneka, wadzibera wekha. Chimene wogulitsa wabwino ankafuna chinali kumwetulira kwapang'ono, kwa pakona pa mlomo. Poyamba ndinasekedwa ndi makasitomala onse, mpaka ndinkadziwa mano a aliyense.

Ndikatseka ndinkapita pa chitsime kukawafotokozera achemwali za tsikulo. Ankamvetsera mpaka ndithe, kenako za madzi ndi chingwe. Chilombo chachikulu chitagwa, chipika n'kuchoka, ndinawatsanzika ndikulira, ndikulonjeza kuti ndikapeza mankhwala ndibwera. Koma nditalowa m'mudzi wotsatira ndinawapezanso pa chitsime, chingwe m'manja, mpango uli wachikasu. Ndinaima kakasi. Amene anaumba dziko limenelo anali ndi nkhope zochepa, ndipo ya achemwali anaibwereka n'kuigawira zitsime zonse. Mmodzi mwa amayi amenewo anali Ndaziona weniweni, koma uti, panalibe wondiuza.

M'mudzi umenewo mvula inkagwa osaleka komanso osanyowetsa. Moyang'anizana ndi golosale yanga munali golosale ya Dzinkambani, bambo wochenjera kwambiri, wa mtundu uja wodziwa zonse koma nsapato zili zobooka. Pa khonde pake pankakhala mkazi wake, a Nangondo, ali ndi pakati potopa, atatsamira khoma. Ndikawapatsa moni ankasisita mimba n'kunena kuti, “Azamba akuti ndi mawa.”

Tsiku lina ndinagulitsa chigoba cha golide motchipa, kasitomala n'kutuluka akuvina. Dzinkambani anaona zonse ali pakhomo pake.

“Chemwali, musadandaule. Lero musagone pa bedi basi.”

“Bedi lalakwa chiyani, achimwene?”

“Silikufunsani mukamagona?”

Linkandifunsadi. Bedi la golosale iliyonse, ukangoika mutu, linkalankhula ndi mawu otsika ngati a namwino: “Ndisunge tsikuli?” Ine ndinkangoti eya, osaganiza n'komwe, ngati mmene munthu amayankhira moni.

“Mukati eya, zatheka, tsikulo lakhomedwa ndi msomali,” anatero Dzinkambani. “Koma mukagona pansi, pa simenti, tsikulo limatayika. Mumadzuka m'mawa wa tsiku lomwelo, chigoba chanu chili pa tebulo, wokusekani uja asanabwere. Ine ndili ndi nyanga ya chilombo m'katimu. Tsiku limene ndidzaigulitse pa mtengo wake weniweni, ndidzagona pa bedi.”

“Mwakhala mukugona pansi kuyambira liti?”

Anakanda m'mutu n'kuseka. Ine ndinayang'ana a Nangondo pa khonde, mapazi otupa, dzanja pa mimba, akudikira mawa limene mwamuna wawo ankalitaya madzulo alionse chifukwa cha nyanga. Mmene tsiku lake linkabwerera langa likupitirira sindikudziwa, kumeneko golosale iliyonse inali ndi dzuwa lake. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinapsa mtima.

“Achimwene, mwanayu akanakhala kuti anabadwa, bwenzi pano akukuthandizani kusenza katundu.”

“Aa, chemwali, inunso. Mawa silithawa.”

Ndiyenso anandiuza za chala. Anati kodi mukuyesa mukuyenda nokha? Tonsefe tili kuseri kwa galasi la foni ya munthu wina, ndi gemu iyi, ndipo munthuyo amatiyendetsa ndi chala chachikulu. Dziko likamagwedezeka, ndiye kuti ali mu minibasi. Kukada mwadzidzidzi masanasana, batire yatha. Ndinamuseka, koma pansi pa mtima ndinkadziwa. Ndinali nditachimvapo chalacho pamsana, chikundikankha kuti ndithamange molunjika khoma, kapena kuti ndilowe m'nyumba ya eni n'kuswa mbiya zawo zonse kufuna za m'kati, eni akewo akungondiyang'ana osadandaula. Nthawi zina zonse zinkaima. Dontho la mvula linkalendewera patsogolo pa mphuno yanga, khwangwala atatambasula mapiko m'mwamba osagwa, ndipo kutali kwambiri, kuseri kwa mitambo, ndinkamva mayi wina akuitana munthu kuti apite akagule sopo.

Chalacho chinkakonda zitsulo zonyezimira ndi zikwanje zatsopano. Za achemwali sichinkasamala. Chikandisiya, ndinkapita ndekha pa chitsime kukakhala ndi mayi wa mpango wachikasu. Ndinachoka m'mudzimo a Nangondo akali pa khonde.

Panadutsa midzi ina. Wina unali wa madambo, wina wa nsungwi zolira ndi mphepo, wina munali akuba amene ankalowa m'golosale akuyenda monyang'ama, chithunzi cha thumba chikulendewera pamwamba pa mutu wawo kuti aliyense adziwe ntchito yawo. Zilombo zinkasintha mtundu, koma kamenyedwe kanali komweko. Pa chitsime chilichonse ndinkagwada n'kunena kuti achemwali, ndine, ndipo pa chitsime chilichonse madzi anali ozizira, chingwe chachifupi. Mawu anga anayamba kutha mphamvu, mpaka ndinkawanena ngati munthu wopereka msonkho.

Kumudzi wa mchenga n'kumene ndinadziwa kumene makasitomala amapita. Kunja kwa mudzi uliwonse kunali chulu. Ankatulukira kumeneko, ndipo akagula ankabwerera komweko. Ndinamuonera wina pa windo atagula nyale: anayenda bwinobwino, pofika pa chulu n'kuyamba kupyapyala ngati nthunzi ya pa ketulo, kenako osaonekanso. Anthu a m'mudzi, oima pa malo awo aja, m'golosale sankalowamo.

Mmodzi mwa iwo anali a Chimbalanga, wosula zitsulo, amene ankaima pa moto wawo n'kumati, “Bweretsani chitsulo, ndikusulireni.” Tsiku lina ndinatola nyundo yakale m'Dzenje, ya mpini wosalala ndi thukuta, n'kuiika pa tebulo pamodzi ndi zina. Ndinangoona mthunzi pakhomo. A Chimbalanga anali atasiya moto wawo. Ananyamula nyundoyo, n'kubwera nayo pa kauntala, maso awo atadzuka ngati a munthu amene wathiridwa madzi.

“Iyi ndi yanga iyi,” anatero. “Mpini uwu ndinasema ndekha. Mayi, kwathu kuli mtsinje. Ndili ndi ana aakazi ine.”

Pakamwa panga panali patatchula kale mtengo wa nyundo, monga mwa masiku onse, ndipo unawakulira. Nkhope yawo inakwinya yokha, manja anaibweza nyundo pa tebulo, miyendo n'kuwatengera ku moto. Nditatseka ndinathamangira komweko. Anandiyang'ana n'kuti, “Bweretsani chitsulo, ndikusulireni.”

M'mawa mwake anabweranso, ndipo atangoigwira anayamba ndi iwo kulankhula.

“Mayi, chonde, tsitsani. Musandibwezenso pa moto paja m'mutu muli mbee.”

Ndinatsitsa. Anamwetulira, anagwira nyundo yawo pachifuwa, natuluka akuimba nyimbo ya kwawo. Anadutsa moto wawo osauyang'ana, mpaka pa chulu. Moto uja unapitiriza kuyaka wopanda munthu masiku onse amene ndinakhala m'mudzimo.

Choncho ndinadziwa chimene chingawadzutse achemwali, ndinadziwanso chimene chingatsatire. Wolowa pakhomo la golosale ndi kasitomala, ndipo kasitomala ali ndi njira ziwiri zokha: kubwerera kumene wachokera chimanjamanja, kapena kupita ku chulu ndi chimene wagula. Ndinadziuza kuti ine ndine wochenjera, ikadzafika nthawi ndidzapeza njira yachitatu. Kuyambira pamenepo golide ndinkamudutsa, ndinkangoyang'ana m'makona mwa zipinda kufuna chikwama chachikopa.

Ndinachipeza pansi pa mudzi wa pa phiri, kumene nkhungu inkakhala m'misewu tsiku lonse. Chala chija chinali chitayamba kubwera mwa apo ndi apo, mwina mwini foni anali atapeza zina zochita, ndiye ndinkatsika ndekha. Pansi penipeni, pafupi ndi khomo la chilombo chachikulu, pamakhala dziwe la madzi ofunda lopoletsa mabala, ngati kuti chilombocho chimafuna ukafike uli wathanzi. Chikwamacho chinali m'mbali mwa dziwelo, lamba wake ataduka. Ndinachinunkhiza. Chinkamvekabe mafuta a nsatsi amene achemwali ankapaka. Chilombo chachikulu ndinachisiya chikupuma kuseri kwa khomo lake, ine n'kubwerera kumtunda.

Mayi wa pa chitsime cha m'mudzimo anali ndi mpango wotuwa. Ndinayesa kumupatsa chikwamacho pomwepo, pamanja, koma dzanja langa linakana. Chinthu cha m'Dzenje chimatuluka m'thumba pa malo amodzi okha, pa tebulo la golosale. Ndinachiika pa tebulo loyang'ana pakhomo. Makasitomala a ku chulu ankachinyamula, ine n'kumatchula mitengo yamisala, iwo n'kumatuluka atakwinya ngati alawa ndimu. Mbiri ya golosale yanga inaipa, koma sindinasamale.

Masana ena kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Chingwe chinali chitasiyidwa pa chitsime. Mayi wa mpango wotuwa analowa pang'onopang'ono, anapita pa tebulo, anagwira chikwama, anachitembenuza, n'kulowetsa chala pamene lamba anadukira. Anabwera nacho pa kauntala. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana pansi, kenako m'makona.

“Iwe, fumbi lonseli? Ndinakuphunzitsa kusesa chomwechi ine?”

Ndinalira ngati mwana. Ndinkafuna kudumpha kauntala, koma wogulitsa sachoka kuseri kwa kauntala golosale ili yotsegula, ndiye ndinangotambasula manja n'kugwira nkhope yawo.

“Achemwali. Achemwali anga.”

“Basi, basi, ukundipaka mamina. Taimirira bwino ndikuone. Ii, imvi izi wazitenga kuti? Ndinakusiya uli kamtsikana kopanda nzeru, ndakupeza uli gogo wopanda nzeru.”

Mtengo sindinatchule. Kasitomala akaima pa kauntala dzuwa silisuntha, ndipo ine ndinatseka pakamwa pa malonda n'kutsegula pa nkhani. Ndinawafotokozera za mudzi wa dothi lofiira, za mbiya za eni zimene ndinaswa, za amayi onse a pa zitsime amene ndinawagwadira. Anaseka mpaka kutsamira kauntala. Anafunsa ngati denga la kwathu linkadonthabe pakona paja. Tinakangana za amene anathyola mpeni wa mayi, mkangano umene tinausiya pakati tili ana, ndipo anakanabe. Kumbuyo kwawo makasitomala ena anafola mzere, wina ndi nyale, wina ndi fupa, onse phee, osatopa, osadandaula. Masana amenewo anatalika kuposa midzi ina yonse imene ndinakhalamo. Sindinasangalalepo chomwecho chibadwire.

Ndinawauzanso za Dzinkambani ndi nyanga yake ndi a Nangondo pa khonde. Poyamba anaseka, kenako anandiyang'anitsitsa. Ndipamene ndinaona kuti mikono yawo ikunjenjemera. Kasitomala satula chinthu pa kauntala mtengo usanatchulidwe, ndipo iwo anali atachinyamula chikwamacho nthawi yonseyo.

“Mng'ono wanga,” anatero, “tchula.”

“Tikambe kaye pang'ono.”

“Takamba. Nkhani ya mpeni taibwereza mpaka yatha mchere. Taona anthu awa kumbuyoku. Tchula.”

“Pali njira ina, achemwali. Ndikuiganiza.”

“Palibe. Ukanaipeza kalekale. Ndipo ndikuona chimene chili m'mutu mwakomo. Ukufuna utchule wokwera kuti ndibwerere pa chitsime.”

Sindinakane. Ndinati pa chitsime ndizikuonani tsiku lililonse, ndizibwera kudzakhala nanu, ndizikuuzani zonse monga kale.

“Uziuza ndani? Ukudziwa mmene kumakhalira paja? Si kugona, si kudzuka. M'kamwa muli mawu amodzi, m'kati muli zii. Munthu akulira patsogolo pako, iwe ukumuuza za chingwe. Ine paja sindibwererapo.”

“Nanga kuseri kwa chulu kuli chiyani?”

“Kaya. Koma ndikafikako ndili Ndaziona, chikwama changa chili m'manja.” Anachikweza pang'ono kuti chisagwe. “Ndipo usachite kunditayira ngati masamba ofota. Chikopa ichi n'chabwino, lamba yekha ndiye woduka. Yang'ana katundu, yang'ana kasitomala, utchule mtengo wake. Ndione ngati zaka zonsezi waphunzirapo kanthu.”

Ndinapukuta maso ndi chitenje. Ndinayang'ana chikopa, misoko, lamba. Ndinayang'ana nkhope imene ndinaigwadira m'midzi yonse ija. Kenako ndinatchula.

Pakona pa mlomo wawo panakwera pang'ono.

“Eya,” anatero. “Wakhoza.” Miyendo yawo inali itayamba kale kutembenuka, ndiye analankhula mofulumira, akuyang'ana cham'mbali. “Sinditembenuka panjira, usakhumudwe, miyendoyi si yanga. Ndipo tamvera, iwe. Usandigonere pansi. Wamva? Usandigonere pansi!”

Chitseko sichitsekeka m'golosale mukali anthu. Mzere uja ndinaugulitsa ngati wamisala, kutchula chilichonse chobwera pakamwa, ena akuseka, ena akukwinya, maso anga ali pa windo. Ndinawaona akudutsa chitsime osachiyang'ana, akuyenda kayendedwe kawo kakale kotaya mapazi kunja, chikwama chikugunda ntchafu. Womaliza atatuluka ndinathamanga, koma nkhungu ya pa chulu inali itatseka kale, ndipo panalibe munthu.

Ndinabwerera kunja kutafiira. Ndinalowa kuseri kwa kauntala n'kuima pakati pa bedi ndi simenti. Simentiyo inali pomwepo, yoyera, yozizira. Ndikanagonapo, ndikanadzuka chikwama chili pa tebulo, mayi wa mpango wotuwa ali pa chitsime, ndipo masana akanalowanso n'kundikalipira za fumbi. Ndikanakhala nawo masana amenewo mawa, ndi mkuja, mpaka kalekale. Iwo akanadzuka m'mawa uliwonse ndi chingwe m'manja, m'kati muli zii, kudikira kuti ine ndiwabwereke dzina lawo kwa kanthawi n'kuwalandanso. Ndinafunitsitsa kugona pansipo, ndipo mawondo anali atayamba kale kupinda. Ndinadikira kuti mwina chala chibwere chindikankhe, mlandu ukhale wa wina, koma pamsana panga panalibe kanthu.

Ndinakhala pa bedi. Ndinavula nsapato. Ndinaika mutu.

“Ndisunge tsikuli?”

“Eya.”

Bedi linafunsanso, chinthu chimene mwina linkachita masiku onse ine osamva chifukwa cha tulo.

“Ndikasunga ili, la dzulo lifafanizika ndipo silidzabweranso. Mwatsimikiza?”

M'tsiku la dzulo achemwali anali pa chitsime, pafupi, poti ndikanatha kuwaona pa windo. Ndinagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse awiri kuti thupi lisatsetserekere pansi.

“Sunga,” ndinatero.